KUMMWERA KWA AFRICA: Mmene maganizo a ovota amaumbira khalidwe la andale

Chisankho chikayandikira m'maiko a kummwera ndi pakati pa Africa, malonjezo a zipani amafanana modabwitsa: feteleza wotsika mtengo, ufa wotsika mtengo, sukulu zaulere, ntchito za achinyamata ndi ndalama zothandizira okalamba. Ena mwa malonjezowa amakwaniritsidwa, ena amaiwalika mavoti akangowerengedwa, ndipo ena amakwaniritsidwa m'njira yosiya boma m'ngongole. Funso limene akatswiri a zandale ndi zachuma akhala akukangana nalo ndi lakuti: kodi andale amalonjeza zotere chifukwa ovota ndi osavuta kunamiza, kapena chifukwa ovota amadziwa bwino chimene akufuna ndipo andale amangotsatira? Yankho lake likukhudza ndalama za misonkho, mtengo wa chakudya ndiponso chikhulupiriro cha anthu pa ulamuliro wa demokalase.

Chiphunzitso cha wovota wanzeru

Maganizo akuti wovota amawerengera phindu ndi kuluza asanaponye voti anafalitsidwa kwambiri ndi Anthony Downs, katswiri wa zachuma wa ku America, m'buku lake la mu 1957 lotchedwa An Economic Theory of Democracy. Iye anayerekeza chisankho ndi msika. Zipani zili ngati amalonda amene cholinga chawo chachikulu ndi kupeza mavoti, ndipo ovota ali ngati ogula amene amasankha chipani chimene akuona kuti chiwapindulira. Pa chifukwa ichi, chipani chofuna kupambana chimakonza mfundo zake motsatira zofuna za anthu ochuluka.

Downs anaonanso chinthu china chofunika. Voti ya munthu mmodzi siisintha zotsatira pa chisankho cha anthu mamiliyoni, pamene kufufuza ndondomeko ya zachuma kapena kuwerenga mfundo za zipani zonse kumadya nthawi. Choncho mlimi amene wasankha kutha tsiku lake kumunda m'malo mofufuza za ngongole za boma sanalakwitse powerengera. Kusadziwa kwa mtundu umenewu n'kochokera m'nzeru, koma kumapatsa andale mpata. Munthu amaona thumba la feteleza limene walandira, koma saona chipatala chimene sichinamangidwe chifukwa ndalama zake zinapita ku fetelezayo.

Akatswiri amene anabwera pambuyo pake anagawikana. V. O. Key, m'buku limene linatuluka mu 1966 iye atamwalira, anati ovota si opusa, chifukwa amayang'ana zimene boma lachita ndi kulipatsa mphotho kapena chilango. Bryan Caplan, m'buku la mu 2007 lotchedwa The Myth of the Rational Voter, anatsutsa ponena kuti anthu amakakamira zikhulupiriro zolakwika pa zachuma popeza kulakwitsa m'chipinda choponyera voti sikumupweteka munthu payekha nthawi yomweyo. Mu 2016, Christopher Achen ndi Larry Bartels anaonjezera kuti ovota amakumbukira kwambiri miyezi yochepa chisankho chisanafike, ndipo nthawi zina amalanga boma chifukwa cha zinthu zimene silinachititse, monga chilala. Nawonso William Nordhaus anali atafotokoza kale mu 1975 kuti maboma amakonda kumwaza ndalama chisankho chikayandikira, n'kudzamanga lamba atapambana.

Tanthauzo la ndale zokopa anthu wamba

Mawu akuti populism, amene pano akumasuliridwa kuti ndale zokopa anthu wamba, amagwiritsidwa ntchito m'njira ziwiri. Akatswiri a zandale, motsatira Cas Mudde, amatanthauza ndale zogawa dziko pawiri: anthu wamba osalakwa mbali ina, ndi kagulu ka akuluakulu odzikonda mbali inayi, mtsogoleri n'kumadzitcha mneneri yekhayo wa anthu wambawo. Akatswiri a zachuma, monga Rudiger Dornbusch ndi Sebastian Edwards amene anafufuza maiko a ku Latin America, amatanthauza mfundo zosangalatsa anthu lero mosaganizira za ngongole, kukwera mitengo kwa zinthu ndi kusowa kwa ndalama zakunja mawa.

Matanthauzo awiriwa sayenda limodzi nthawi zonse. Ndiponso mfundo yokondedwa ndi anthu ambiri siikhala yoipa chifukwa chongokondedwa. Muyeso wake ndi wakuti kodi boma lingailipire kwa zaka zingati, ndipo chikusiyidwa ndi chiyani kuti ilipiridwe.

Sukulu zaulere: lonjezo looneka ndi maso

Chitsanzo chodziwika m'chigawo chino ndi maphunziro aulere a pulayimale. Ku Malawi, Bakili Muluzi ndi chipani cha UDF analonjeza zimenezi pa chisankho choyamba cha zipani zambiri mu Meyi 1994, ndipo anazikwaniritsa chaka chomwecho. Chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba mofulumira aphunzitsi zikwizikwi amene sanapite ku sukulu yauphunzitsi, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Ku Uganda, Yoweri Museveni analonjeza zofanana pa chisankho cha 1996 n'kuziyamba mu 1997. Ku Kenya, Mwai Kibaki anapambana mu Disembala 2002 ndipo anathetsa fizi mu Januwale 2003.

Robin Harding ndi David Stasavage, pa kafukufuku wawo wa mu 2014, anapeza kuti m'maiko a mu Africa kuthetsa fizi kumachitika kawirikawiri chisankho champikisano chikangotha, koma zisankhozo sizichulukitsa aphunzitsi ndi zipangizo mofanana. Chifukwa chimene anapereka n'chomveka. Kholo limadziwa tsiku lomwelo ngati fizi yachotsedwa, ndipo limadziwa amene waichotsa. Koma mwana akafika sitandade 4 osadziwa kuwerenga, n'kovuta kudziwa ngati wolakwa ndi mtsogoleri wa dziko, unduna, khonsolo kapena mphunzitsi wamkulu. Andale amalonjeza chimene ovota angathe kuchitsimikiza, ndipo ovota amakhulupirira chimene angathe kuchiona. Monga amanenera akuluakulu, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Feteleza ndi chimanga ku Malawi ndi ku Zambia

M'maiko amene chakudya chenicheni ndi nsima, ndale za chimanga ndizo zimalemera koposa. Njala ya mu 2005 itasiya Amalawi pafupifupi 5 miliyoni akufuna thandizo la chakudya, boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo m'chaka cha ulimi cha 2005/06, ngakhale ena mwa maiko ndi mabungwe othandiza Malawi sankagwirizana nazo. Mlimi wosankhidwa ankalandira makuponi ogulira matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 pamodzi ndi mbewu. Mvula inagwanso bwino m'zaka zotsatira, ndipo zokolola zinachuluka. Mutharika, amene mu 2004 anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, mu 2009 anapeza 66 pa 100 alionse, ndipo anavoteredwa kwambiri ngakhale m'zigawo zimene sankachokera. Koma m'chaka cha 2008/09, pamene feteleza anakwera mtengo pa msika wa dziko lonse chisankho chili pafupi, ndondomekoyi inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti ya boma.

Kuchokera pamenepo, zipani zazikulu zakhala zikupikisana pa kukula kwa ndondomekoyi. Mu 2020, mgwirizano wa Tonse wotsogozedwa ndi Lazarus Chakwera unalonjeza thumba la feteleza pa mtengo wa K4,495, ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu patsiku. Chakwera anapambana chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. M'chaka choyamba, ndondomeko yatsopano ya AIP inapatsidwa pafupifupi K160 biliyoni ndipo inafikira mabanja oposa 3 miliyoni. Feteleza atakweranso mtengo ndipo kwacha itachepa mphamvu, mtengo wa thumba unafika pa K15,000 ndipo chiwerengero cha opindula chinatsika kufika pa 1.5 miliyoni m'chaka cha 2023/24. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, pakati pa kusowa kwa mafuta a galimoto ndi kukwera mitengo kwa zinthu, Chakwera anapeza mavoti 33 pa 100 alionse ndipo anagonja kwa Peter Mutharika, amene anapeza pafupifupi 57.

Ku Zambia, andale sanaiwale zimene zinachitikira Kenneth Kaunda. Kukwezedwa kwa mtengo wa ufa kunabutsa zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndiponso ku Lusaka mu Juni 1990, ndipo mu Okutobala 1991 Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba. Kuyambira 2002, maboma a dzikolo akhala akugulitsa feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono ndi kugula chimanga kudzera m'bungwe la Food Reserve Agency. Komabe kafukufuku wa Nicole Mason, Thomas Jayne ndi Nicolas van de Walle anapeza zinthu ziwiri: boma la MMD linkatumiza feteleza wochuluka kumadera amene analivotera, koma fetelezayo sanaonjezere mavoti a chipanicho mooneka. Zimene zinkasintha mavoti zinali ulova, umphawi ndi kusiyana pakati pa olemera ndi osauka. Zikuoneka kuti andale amakhulupirira mphamvu ya mphatso kuposa mmene ovota amaikhulupirira.

Michael Sata ndi osauka a m'mizinda

Mtsogoleri wa m'chigawo chino amene akatswiri amamutchula kawirikawiri pa ndale zokopa anthu wamba ndi Michael Sata wa chipani cha Patriotic Front. Mu 2001 anapeza mavoti 3 okha pa 100 alionse. Kenaka analunjika uthenga wake kwa ogulitsa malonda m'misewu, oyendetsa maminibasi, ogwira ntchito m'migodi ndi anthu a m'makomboni a Lusaka ndi Copperbelt. Anadzudzula eni migodi ochokera kunja, makamaka a ku China, analonjeza misonkho yotsika ndi ndalama zambiri m'matumba a anthu, ndipo anati adzasintha zinthu m'masiku 90. Mavoti ake anakwera kufika pa 29 pa 100 alionse mu 2006, pa 38 mu 2008 pamene anagonja mochepa kwa Rupiah Banda, ndiponso pa 42 mu 2011 pamene anapambana.

Danielle Resnick, amene analemba buku lonena za ndale zotere m'mizinda ya mu Africa, anaona kuti chuma cha Zambia chinkakula m'zaka zimenezo chifukwa cha mtengo wabwino wa kopa, koma anthu a m'makomboni sankaona phindu lake. Iwo anavotera munthu amene ankatchula mavuto awo a nyumba, madzi ndi malo ogulitsira. Mawu okopera anthu a chipanicho mu 2011, akuti Donchi kubeba, kutanthauza kuti musawauze, ankalangiza anthu kulandira zitenje ndi ndalama za chipani cholamula koma kukavota mmene mtima wawo ukufunira. Langizolo linkadalira chinsinsi cha voti.

Litalowa m'boma, PF linakweza malipiro otsikitsitsa a ogwira ntchito mu 2012, linayamba kumanga misewu yambiri, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho linabwereka madola 750 miliyoni pa msika wa ngongole wa kunja. Ngongole zinapitiriza kukwera mu ulamuliro wa Edgar Lungu mpaka dzikolo linalephera kubweza mu Novembala 2020. Mu Ogasiti 2021, ovota anachotsa PF ndi kusankha Hakainde Hichilema ndi mavoti 59 pa 100 alionse. Nayenso anali ndi lonjezo looneka ndi maso, la maphunziro aulere mpaka ku sekondale, limene linayamba mu Januwale 2022.

Zimbabwe: pamene voti ilibe ufulu

Chiphunzitso cha wovota wanzeru chimagwira ntchito pokhapokha ngati voti ingathe kuchotsa boma. Mu 1997, boma la Robert Mugabe linavomera kupatsa aliyense wa asilikali akale a nkhondo yomenyera ufulu ndalama zokwana madola 50,000 a dzikolo ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndalama zimene sizinali m'bajeti. Pa 14 Novembala chaka chomwecho, dola ya Zimbabwe inagwa kwambiri. Boma litagonja pa referendamu ya malamulo a dziko mu Febuluwale 2000, kulanda minda ya azungu kunayamba. Nkhani ya malo inali dandaulo lenileni lochokera m'nthawi ya atsamunda, ndipo n'chifukwa chake inkakopa anthu, koma kachitidwe kake kanagwetsa ulimi wamalonda. Mu Juni 2007 boma linalamula kuti mitengo ya katundu idulidwe ndi theka, ndipo katundu anasowa m'masitolo. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika Julayi 2008 mitengo inali kukwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka.

Ovota anayankha. Mu Malichi 2008 chipani cha ZANU-PF chinataya mipando yochuluka m'nyumba ya malamulo, ndipo Morgan Tsvangirai anaposa Mugabe pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, 47.9 kwa 43.2 pa 100 alionse malinga ndi zotsatira zimene zinalengezedwa. Koma ziwawa zimene zinatsatira zinachititsa Tsvangirai kutuluka mu mpikisano wachiwiri wa mu Juni. Pamene pali mantha, munthu amawerengera za moyo wake ndi banja lake poyamba, ndipo zotsatira za chisankho sizisonyezanso maganizo ake pa kayendetsedwe ka boma.

Kuvotera wakwathu

Anthu ena amati kuvotera munthu wa mtundu kapena chigawo chako ndi umboni wakuti ovota saganiza. Pa chisankho cha Malawi cha 1994, Muluzi anapambana kummwera, Kamuzu Banda pakati, ndipo Chakufwa Chihana kumpoto. Koma Daniel Posner, pa kafukufuku amene anasindikiza mu 2004, anayerekeza midzi ya Achewa ndi Atumbuka mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Anapeza kuti ku Malawi mitundu iwiriyi imaonana ngati opikisana pa ndale, pamene ku Zambia imaonana ngati abale a kummawa. Chikhalidwe ndi chimodzimodzi mbali zonse, chosiyana ndi kukula kwa magulu poyerekeza ndi dziko lonse. Ku Malawi mtundu uliwonse ndi waukulu mokwanira kukhala maziko a chipani, pamene ku Zambia yonse iwiri ndi yaing'ono, choncho andale amapindula poiphatikiza.

Kafukufuku wa Leonard Wantchekon ku Benin, pa chisankho cha 2001, anaunikanso mbali ina. Opikisana anavomera kupereka mauthenga osiyana m'midzi yosankhidwa mwamaere. Malonjezo a ntchito ndi chitukuko cha dera lomwelo anakopa mavoti ambiri kuposa malonjezo okhudza dziko lonse, ngakhale amayi ankamvera kwambiri uthenga wa dziko lonse kuposa abambo. Kumene malonjezo akuluakulu akhala akusweka, munthu amadalira wakwawo chifukwa amadziwa kumene angakamupeze.

Chilango cha ovota

Zisankho za 2024 zinasonyeza malire a mphatso za boma. Ku South Africa, anthu mamiliyoni ambiri amalandira ndalama za chithandizo mwezi ndi mwezi, ndipo thandizo la R350 limene linayamba mu 2020 pa nthawi ya Covid-19 linakwezedwa kufika pa R370 mu Epulo 2024, chisankho chitatsala mwezi umodzi. Komabe mavoti a ANC anatsika kuchoka pa 57.5 mu 2019 kufika pa 40.2 pa 100 alionse, pambuyo pa zaka za kuzimazima kwa magetsi ndi ulova, ndipo chipanicho chinakakamizika kulamula mogwirizana ndi zipani zina. Ku Botswana, chipani cha BDP chimene chinalamula zaka 58 chinatsala ndi mipando 4 yokha mwa 61 mu Okutobala 2024, malonda a dayamondi atalowa pansi. Mgwirizano wopambana wa Duma Boko unali utalonjeza malipiro otsikitsitsa a P4,000 ndi kukweza penshoni ya okalamba.

Apa pakuoneka vuto lenileni. Ovota a m'chigawo chino asonyeza kuti amatha kulanga boma lolephera. Chovuta kwambiri ndi kuyesa malonjezo a amene akufuna kulowa m'malo, popeza otsutsa alibe mbiri ya ulamuliro yowayezera ndipo salipira kanthu polonjeza. Palinso mantha mbali ya olamula. Joyce Banda anachepetsa mphamvu ya kwacha mu Meyi 2012, mafuta anayambanso kupezeka, koma mitengo inakwera, ndipo nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya Cashgate itaonjezera, anakhala wachitatu pa chisankho cha 2014. Andale amaphunzira kuchokera ku zoterezi kuti mankhwala owawa amachedwetsedwa mpaka chisankho chidutse.

Malamulo ndi njira zina zochepetsera vutoli

Maiko ayesa njira zingapo. Ku Malawi, lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa opikisana kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa mavoti, ngakhale kulitsatira kwakhala kovuta. Zambia mu 2016, ndi Malawi kudzera m'chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, anakhazikitsa kuti wopambana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko azipeza mavoti oposa theka. Izi zimakakamiza opikisana kufuna mavoti kunja kwa zigawo zawo, ngakhale zingathenso kukulitsa malonjezo okhudza aliyense. Mitsutso ya opikisana pa wailesi ndi pa kanema, atolankhani ofufuza zoona za malonjezo, ndi kafukufuku wa maganizo a anthu wa Afrobarometer amene anayamba mu 1999, zimachepetsa nthawi ndi ndalama zimene munthu wamba amawononga kuti adziwe zoona.

Umboni wa zaka zoposa 30 za zisankho za zipani zambiri ukusonyeza kuti ovota amaganiza ndi zimene ali nazo: mtengo wa thumba la chimanga, mzere wa pamalo omwetsera mafuta, ndi mbiri ya malonjezo akale. Andale amayankha polonjeza zinthu zooneka msanga ndi zosavuta kudziwa mwini wake. Khalidwe limeneli limasintha pamene chinsinsi cha voti chatetezedwa, mavoti awerengedwa moona, ndipo mtengo weniweni wa lonjezo lililonse, pamodzi ndi kumene ndalama zake zidzachokera, wafotokozedwa m'zinenero zimene ovota amalankhula tsiku loponya voti lisanafike.